Makina Alemba, Koma Woyankha Mlandu Ndani?

Inu makolo amene mwagulitsa fodya, mtedza kapena mbuzi kuti mwana apite ku sukulu ya ukachenjede, mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chachilendo chimene chalowa m'mayunivesite a dziko lonse lapansi. Chinthucho ndicho makina odziwa kulemba, amene anthu a sukulu awatchula mwachidule kuti AI, ndiko kunena nzeru zochita kupanga. Mwana wanu akakhala ndi foni ya m'manja ndi ndalama pang'ono zogulira intaneti, makinawo ali nao kale m'thumba mwake, ngakhale inu simunawaone. Tsono si bwino kuti nkhani yotere ikhale ya anyamata ndi atsikana okhaokha, akulu osaidziwa, pakuti ikhudza choona, ikhudza chilungamo, ndiponso ikhudza ndalama zimene mudakhetsera thukuta.

Kuti timve bwino, tatenga sukulu imodzi ikhale chitsanzo chathu. Sukuluyo ndi Yunivesite ya Vanderbilt, imene ili mu mzinda wa Nashville, m'chigawo cha Tennessee ku America, ndipo idayamba m'chaka cha 1873. M'chaka chimodzi chokha, cha 2023, padachitika zinthu ziwiri pa sukulu imeneyi. Pa choyamba akulu ake adaphonya, ndipo adapepesa. Pa chachiwiri adachita mwanzeru. Koma zonse ziwiri zitiphunzitsa chinthu chimodzi, chakuti makina angathe kuthandiza dzanja la munthu, koma sangathe kumsenzera mlandu wake.

Makinawo ndi otani?

Pa 30 Novembala 2022 kampani ya OpenAI, ya mu mzinda wa San Francisco, idatulutsa makina otchedwa ChatGPT kuti aliyense awagwiritse nchito pa kompyuta kapena pa foni. Isanathe miyezi itatu, anthu owagwiritsa nchito adafika ngati 100 miliyoni. Pambuyo pake padabwera ena onga iwo, monga Gemini wa kampani ya Google ndi Copilot wa kampani ya Microsoft. Munthu alemba funso, ndipo m'kamphindi makinawo ayankha ndi mau osalala, monga ngati walemba ndi munthu wophunzira kwambiri.

Kodi achita bwanji zimenezi? Amisiri adawapatsa zolembedwa zosawerengeka, za m'mabuku, za m'nyuzipepala ndi za pa intaneti, ndipo m'menemo makinawo adazolowera kuti liu lakuti likatchulidwa, kawirikawiri litsatidwa ndi liu lakuti. Tiyese chitsanzo. Mukati kwa mwana wamng'ono, "Mutu umodzi," iye atsiriza msanga kuti, "susenza denga," ngakhale sanasenzepo denga ndi kale lonse. Wangomva mauwo kambiri, ndipo khutu lake lazolowera. Makina aja achita chimodzimodzi, koma ndi mau ochuluka koposa amene munthu angawerenge pa moyo wake wonse. Pambuyo pake anthu olembedwa nchito adayesa mayankho ao, nasankha abwino, kuti makinawo aziyankha mwaulemu ndi mokomera wofunsa.

Tisanyoze luso limeneli, pakuti ndi lalikulu ndithu. Mwana wochokera ku sekondale yoyendera, kumene buku limodzi amalimbirana anthu khumi, angathe kufunsa makinawo kuti amfotokozere phunziro lovuta kawiri kapena katatu, iwo osatopa naye. Angathe kuwauza kuti amfunse mafunso pokonzekera mayeso, kapena amuonetse pamene Chingelezi chake chapotoka. Chimenechi ndi chithandizo chenicheni. Koma tikumbukire kuti makinawo sanaone ndi maso zimene anena, sanaike m'manda mbale wao, ndipo sangaitanidwe pa bwalo kuti ayankhe. Zinthu ziwiri za ku Vanderbilt zidachokera pamenepa.

Kalata ya chipepeso

Usiku wa pa 13 Febuluwale 2023 munthu wina wa mfuti adalowa pa Michigan State University, mu mzinda wa East Lansing, napha ophunzira atatu, navulaza ena asanu. Sukuluyo ili kutali ndi Nashville, koma chisoni ndi mantha zidagwira ophunzira a dziko lonselo, pakuti aliyense adaganiza kuti mawa zingachitike kwao. Ku Vanderbilt kuli koleji yotchedwa Peabody, imene iphunzitsa aphunzitsi, ndipo m'kolejimo mudali ofesi yoyang'anira kuti ophunzira a mitundu yonse alandiridwe mofanana. Pa 16 Febuluwale ofesiyo idatumiza kalata kwa ophunzira yowatonthoza mtima.

Kalatayo idali ya mau okoma: idanena za kusamalirana, za kulemekezana ndi za kukhala amodzi. Koma kumapeto kwake kudali mzere waung'ono wonena kuti mauwo adatengedwa kwa ChatGPT. Ophunzira atauona mzerewo adakwiya kwambiri, ndipo nyuzipepala yao, yotchedwa The Vanderbilt Hustler, idaulutsa nkhaniyo, mpaka idamveka m'maiko ambiri. M'mawa mwake mmodzi wa akulu a ofesiyo adalemba kalata ina yopepesa, navomera kuti sadaganize bwino. Ndipo akulu awiri adayamba aima pa nchito ya mu ofesimo pamene nkhaniyo inkafufuzidwa.

Tsono tifunse, cholakwa chidali pati? M'kalatamo mudalibe mau onyoza, ndipo olembawo sadabise kuti athandizidwa ndi makina. Inu a kumudzi mudzamva msanga kuposa anthu a m'tauni. Pakagwa maliro, mau amene tinena kwa ofedwa ndi ochepa, ndipo ndi akalekale: tingoti pepani, tamva zovutazi. Palibe afuna mau atsopano kapena aluso pa siwa. Chimene chitonthoza mtima wa namfedwa ndi mapazi amene ayenda mtunda wautali, ndi ufa ndi nkhuni zimene amai asenza, ndi usiku wonse umene abambo agona panja pa moto. Mau alemera chifukwa cha munthu amene wawanyamula. Wina akatumiza wailesi kuti ikanene pepani m'malo mwake, iye ali gone kwao, ngakhale wailesiyo ilankhule bwino chotani, ofedwa adzati watinyoza.

Momwemo ophunzira aja sadafune ndime zosalala. Adafuna kudziwa kuti mkulu wina wa sukulu yao adakhala pansi, nawaganizira, navutika kupeza mau. Kuvutikako ndiko kudali mphatso yake, ndipo ndiko kumene kudaperekedwa kwa makina. Ziliko nchito zina zimene phindu lake lili mwa munthu wozichita: kupepesa maliro, kulangiza mwana wosokera, kupempha chikhululukiro. Zotere sizitumidwa.

Komabe tisaiwale mbali ina. Mzere waung'ono uja ndiwo udachititsa kuti cholakwacho chioneke ndi kukonzedwa. Akadaufafaniza, ophunzira akadatonthozedwa ndi chinyengo, ndipo tsiku lodzaululika chinsinsicho sakadakhulupiriranso kalata ina iliyonse ya ofesiyo. Kuulula kudawachititsa manyazi a masiku owerengeka. Kubisa kukadaononga chikhulupiriro cha zaka zambiri.

Makina ogwira akuba

Chinthu chachiwiri chidakhudza aphunzitsi. ChatGPT atatuluka, aphunzitsi a m'mayunivesite adada nkhawa kuti ophunzira adzaleka kulemba okha, nadzapereka zolemba za makina monga zao. Nkhawayo idali yoona, pakuti ena adachitadi zimenezo. Tsono iliko kampani yotchedwa Turnitin, imene kwa zaka zambiri yathandiza masukulu kugwira okopera. Kale nchito yake idali yomveka: idali kulinganiza zolemba za wophunzira ndi mabuku ndi zolemba za anthu ena, ndipo ikapeza pofanana idali kuonetsa mphunzitsi mbali zonse ziwiri, kuti aone ndi maso ake. Umenewo ndi umboni, monga mbuzi yobedwa ikapezeka m'khola la munthu.

Mu Epulo 2023 kampaniyo idaonjeza chida chatsopano, chimene idati chizindikira zolemba za makina. Koma chida chimenechi sichionetsa khola kapena mbuzi, pakuti zolemba za makina zilibe buku limene zakopedwamo. Chingotulutsa nambala, kuti magawo akuti pa 100 a nkhani iyi aoneka ngati a makina. Akulu oyang'anira za kaphunzitsidwe ku Vanderbilt adachiyesa miyezi ingapo, nafunsana ndi masukulu ena, ndipo pa 16 Ogasiti 2023 adalengeza kuti achitseka.

Chifukwa chao chachikulu chidali cha masamu apafupi, amene ngakhale mwana wa Sitandade 6 angawerenge. Kampaniyo idanena kuti chida chake chinamizira wosalakwa kamodzi kokha pa zolemba 100. Kamodzi pa 100 kamveka kochepa. Koma m'chaka cha 2022 sukuluyo idatumiza ku Turnitin zolemba 75,000. Ndipo gawo limodzi pa 100 la zimenezo ndi 750. Ndiko kunena kuti, chidacho chikadakhalapo chaka chimenecho, zolemba ngati 750 za anthu amene adagwira nchito yao mokhulupirika zikadaoneka ngati zakuba. Kuseri kwa pepala lililonse kuli mwana wa munthu, amene angalephere phunziro, angachotsedwe sukulu, ndipo dzina lake lingade kwa aphunzitsi ake. Adatchulanso zifukwa zina: kampaniyo sidafotokoze bwino m'mene chidacho chiweruzira, padali nkhawa ya kumene zolemba za ophunzira zipita, ndipo padali umboni wakuti zida zotere zilakwira makamaka anthu amene Chingelezi si chinenero chao chobadwa nacho.

Si ku Vanderbilt kokha kumene adaona zotere. Kampani ya OpenAI yomwe, mwini wake wa ChatGPT, idatulutsa chida chake chozindikirira mu Januwale 2023, nivomera kuti chigwira zolemba za makina 26 zokha pa 100, ndi kunamizira zolemba za anthu 9 pa 100. Ndipo mu Julayi chaka chomwecho idachichotsa chifukwa cha kulephera kwake. Ndipo mu Meyi 2023, pa yunivesite ina ya ku Texas, mphunzitsi wina adatenga zolemba za ophunzira ake, nazipereka kwa ChatGPT, nafunsa kuti, kodi udalemba ndiwe? Makinawo adavomera, ngakhale alibe njira yodziwira zimenezo, ndipo kalasi lonse lidalowa m'mavuto mpaka akulu a sukulu adalowererapo.

Akuluakulu a kwathu akumbukira za mwabvi. Munthu akaganiziridwa ufiti adali kummwetsa khungwa lowawa lija. Akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa, akafa ndiye kuti adali mfiti. Padalibe mboni, padalibe kumva mbali ziwiri. Oweruza adapereka mlandu kwa mtengo, iwo nasamba m'manja. Boma lidaletsa mwabvi ndi lamulo la m'chaka cha 1911, ndipo lero tonse tivomera kuti udapha anthu ambiri osalakwa. Tsono mphunzitsi amene alanga wophunzira chifukwa cha nambala yokha ya makina, osamuitana, osamfunsa, wabweza mwabvi m'kalasi, ngakhale wauveka chovala cha makono. Pa bwalo la mfumu yabwino wodandaula anena, woimbidwa mlandu ayankha, mboni zilankhula, ndipo mfumu yomwe isenza chiweruzo chake. Sukulu ya ukachenjede siyenera kuchepera pa bwalo la kumudzi.

Chifukwa chake nkhaniyi ikhudza ana athu

Wina angati, zimenezi ndi za ku America, ife zitikhudza bwanji? Imvani izi. M'chaka cha 2023 akatswiri a pa Yunivesite ya Stanford, ku California, motsogozedwa ndi a James Zou, adayesa zida zisanu ndi ziwiri zozindikirira zolemba za makina. Adazipatsa nkhani 91 zolembedwa ndi anthu enieni pa mayeso a TOEFL, amene ndi mayeso a Chingelezi olemba alendo ofuna kukaphunzira kunja. Pa kuwerengera kwao, zidazo zidanamizira nkhani 61 pa 100 kuti ndi za makina. Koma atazipatsa nkhani za ana a sukulu a ku America komweko, pafupifupi zonse zidazindikiridwa bwino kuti ndi za anthu.

Chifukwa chake nchomveka. Zida zotere ziyesa ngati mau a m'nkhani ndi ozolowereka, osavuta kulota liu lotsatira. Pakuti makina akonda mau otere. Koma munthu amene Chingelezi adachiphunzira m'kalasi, kwao alankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe, nayenso asankha mau odziwika ndi ziganizo zowongoka, poopa kulakwitsa. Kusamala kwake komweko ndiko kumpereka. Ndipo akatswiri aja adapezanso chinthu chomvetsa chisoni: atauza ChatGPT kuti akometse mau a m'nkhani zija, zambiri zidapulumuka, nizioneka ngati za anthu. Motero wochenjera amene agwiritsa nchito makina kawiri adutsa bwinobwino, ndipo wokhulupirika amene walemba yekha ndi Chingelezi chake chosauka ndiye agwidwa.

Ana athu ali ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Nguludi, ku Lusaka, ena ku South Africa ndi ku Britain, onsewo alemba m'chinenero chimene sadayamwe. Ndiwo amene ali pa ngozi yonamiziridwa koposa anzao. Nchifukwa chake tidakondwa kumva kuti m'chaka cha 2025 Yunivesite ya Cape Town nayonso idalengeza kuti ileka kugwiritsa nchito zida zimenezi.

Nanga wophunzira ndiye wamasuka?

Iai ndithu. Mnyamata kapena mtsikana asawerenge mau awa ndi kuganiza kuti, popeza mlonda wachoka pa chipata, munda ulibe mwini. Lamulo limene litsutsa ofesi ija ndi mphunzitsi uja litsutsanso wophunzira. Amene auza makina kuti amlembere nkhani yonse, naika dzina lake pamwamba, walakwa patatu. Wanama, pakuti dzina pa pepala litanthauza kuti nchito iyi ndi yanga. Wabera anzake, amene adachezera usiku ndi mabuku, iye nalandira malikisi ofanana nao kapena oposa. Ndipo wadzibera yekha pamodzi ndi anthu amene adzawatumikira, pakuti mphunzitsi sapereka nkhani yolemba chifukwa asowa mapepala oti awerenge. Aipereka kuti mutu wa wophunzira uzolowere kusanthula, kulinganiza ndi kuweruza. Amene alemba ganyu woti amlimire munda apeza chimanga, koma amene alemba ganyu woti amphunzirire atsala wopanda kanthu. Tsiku lina iyeyo adzakhala namwino pa chipatala cha kumudzi usiku, magetsi atazima, mai wapakati ali pa bedi. Kapena mlangizi wa ulimi, alimi atamzinga ndi masamba a chimanga odyedwa ndi mbozi. Pamenepo satifiketi sidzayankha, adzayankha ndi mutu wake.

Palinso ngozi ina. Popeza makinawo alumikiza mau monga azolowerera, nthawi zina apeka zinthu zimene kulibe: dzina la buku limene silidalembedwe, mau amene munthu sadanene, chaka cholakwika; ndipo azinena molimba mtima monga anenera zoona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale anthu amene adatsiriza kale maphunziro ao agwa m'mbuna imeneyi. M'chaka cha 2023, ku New York, maloya ena pa mlandu wa munthu wodandaula kampani ya ndege ya Avianca adapereka ku khoti kalata yotchula milandu isanu ndi umodzi yakale monga umboni wa malamulo. Atafufuza, adapeza kuti milanduyo sidachitikepo. Adaipeka ndi ChatGPT. Mu Juni chaka chomwecho woweruza, a P. Kevin Castel, adawalipitsa madola 5,000. Taonani, woweruzayo sadaitane makina kuti ayankhe. Adaitana anthu amene adasaina kalatayo. Chimodzimodzi ku sukulu: wophunzira sangati adandinamiza ndi makina, pakuti dzina lili pa pepala ndi lake.

Njira imene ena atsata

Poyamba masukulu ena adayesa kuletseratu. Yunivesite ya Hong Kong idaletsa ChatGPT mu Febuluwale 2023, koma chisanathe chaka chomwecho idachotsa chiletsocho, pakuti chinthu chimene chili m'thumba la aliyense sichiletseka ndi chikalata. Mu Julayi 2023 mayunivesite 24 akuluakulu a ku Britain, a m'bungwe lotchedwa Russell Group, adagwirizana mfundo zina: kuti ophunzira ndi aphunzitsi aphunzitsidwe mphamvu ndi zofooka za makinawo, kuti kaphunzitsidwe ndi mayeso zisinthidwe moyenera, kuti osauka asatsalire m'mbuyo, ndi kuti kukhulupirika pa maphunziro kusungidwe. Yunivesite ya Sydney, ku Australia, idagawa mayeso panjira ziwiri: ena olembedwa kapena oyankhidwa pakamwa pamaso pa woyang'anira, kuti zidziwike zimene zili m'mutu mwa wophunzira; ena ololedwa kugwiritsa nchito makina poyera, kuti aphunzire kuwagwira bwino. Ku Vanderbilt komwe, potseka chida chija, adalangiza aphunzitsi kuti auze ophunzira pachiyambi penipeni zololedwa ndi zoletsedwa, alinganize nkhani yokayikitsa ndi zolemba zakale za mwanayo, ayang'ane ngati mabuku otchulidwa alikodi, ndipo akhale naye pansi ndi kukambirana.

Bungwe la UNESCO, limene Malawi, Zambia ndi Mozambique ali mamembala ake, lidafunsa masukulu ndi mayunivesite oposa 450 m'chaka cha 2023, nilipeza kuti osakwana 10 pa 100 ndiwo adali ndi malamulo pa nkhaniyi. Mu Sepitembala chaka chomwecho lidatulutsa malangizo ake, nilinena kuti ana osakwana zaka 13 asagwiritse nchito makinawa paokha. Mpingo nawonso sudakhale chete. Pa 28 Januwale 2025 maofesi awiri a ku Vatican, ya Chiphunzitso cha Chikhulupiriro ndi ya Chikhalidwe ndi Maphunziro, adatulutsa kalata yotchedwa Antiqua et Nova. Mwa zina iphunzitsa kuti makinawa ndi chipatso cha nzeru za munthu, osati munthu wina watsopano. Kuti udindo wa chabwino ndi choipa ukhala pa anthu amene awapanga ndi kuwagwiritsa nchito. Ndi kuti pa maphunziro palibe chingalowe m'malo mwa mphunzitsi wodziwa ophunzira ake ndi kuwafunira zabwino.

Malangizo athu

Kwa inu ophunzira tinena zisanu. Choyamba, funsani mphunzitsi aliyense pa chiyambi cha phunziro kuti alola chiyani ndipo aletsa chiyani, pakuti malamulo asiyana. Safunsa adadya phula. Chachiwiri, mukathandizidwa ndi makina, nenani poyera kuti adakuthandizani pati. Chimene muchita manyazi kuchiulula, musachichite. Chachitatu, buku lililonse, nambala iliyonse ndi dzina lililonse limene makina akupatsani, kalioneni ndi maso anu m'laibulale kapena kumene lidachokera musanalilembe. Chachinai, sungani mapepala anu oyamba, manotsi anu ndi zonse zoonetsa m'mene nchito yanu idakulira, kuti tsiku lonamiziridwa mukhale ndi mboni. Chachisanu, musalembe m'makinawo zinsinsi za anthu ena, monga maina a odwala amene mwawaona pophunzira nchito ku chipatala, kapena mayankho a anthu a m'midzi amene adakuuzani za m'nyumba mwao pokukhulupirirani. Pakuti zimene mwalemba zipita ku makompyuta a kampani ya kutali, ndipo simungathe kuziitanitsanso.

Kwa inu aphunzitsi ndi akulu a masukulu, amene ena a inu muwerenga tsamba lino, tipempha kuti mulembe malamulo omveka, kuti mwana asalangidwe ndi lamulo limene sadalimve. Musaweruze munthu ndi nambala yokha. Muitaneni, mumfunse za nkhani yake, pakuti amene adalemba yekha adzaifotokoza ngakhale mwachibwibwi, ndipo amene sadalembe adzasowa poyambira. Kumbukiraninso kuti wina ali ndi kompyuta ndi ndalama zolipirira makina amphamvu, mnzake abwereka foni. Musapereke nchito imene wolemera yekha angaithe.

Ndipo inu makolo, musati ife sitidapite ku sukulu, tidziwapo chiyani. Mayeso abwino koposa ali m'manja mwanu. Mwana akabwera ku tchuthi, mutadya nsima madzulo, mumuuze kuti akufotokozereni m'Chichewa chimene waphunzira chigawo chimenechi, ndi m'mene chingathandizire pa mudzi pano. Ngati aphunzira za ulimi, mupite naye ku munda akakuuzeni chimene chadwalitsa mbeu. Ngati aphunzira za malamulo, akumasulireni za malo a makolo. Inu amene mwamva milandu yambiri pa bwalo mudziwa kusiyanitsa munthu wonena zimene adaona ndi munthu wonena zimene adauzidwa. Mukaona kuti azengereza, musamkalipire. Mumfunse mofatsa m'mene alembera nchito zake, ndipo mumuuze kuti mukondwera koposa ndi malikisi ochepa amene ali akeake kusiyana ndi ambiri obwereka. Ana ambiri abera chifukwa aopa kukhumudwitsa makolo amene adagulitsa mbuzi. Mukawachotsera mantha amenewo mwawachotsera theka la chiyeso.

Ndipo mwana wanu akakulemberani kuti amnamizira za makina pamene iye adalemba yekha, musafulumire kumtsutsa, ndiponso musafulumire kunyoza aphunzitsi. Mumuuze asonkhanitse mapepala ake oyamba, apemphe mwaulemu kuti amve mbali yake, ndipo adzipereke kuti amfunse pakamwa za nkhani imene adalemba. Muwerengereni nkhani iyi ya ku Vanderbilt ndi ya ku Stanford, kuti adziwe kuti ngakhale masukulu akuluakulu avomera kuti zida zija zilakwa.

Nkhaniyi muikambirane m'mabanja mwanu ndi m'miphakati, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzao.